Tsiku Limene Amos Anazimitsa Injini

Martina Nkandu ankaidziwa lole ya Amos ndi makutu. Ikangokhota kuchokera ku Kamwala kulowa mumsewu wa kwawo ku Kabwata, magalasi a zenera la kukhitchini ankayamba kunjenjemera loleyo isanaoneke n'komwe. Iye ankapukuta manja msangamsanga, n'kudziyang'ana pa chivundikiro cha poto, kenako n'kutuluka ndi ndowa ngati munthu wopita kumpopi. Mpopi unali kumanja. Iye ankalowera kumanzere, kumene mtengo wa jakaranda unkagwetsera maluwa ake padenga la loleyo.

Amos Kapembwa anali dalaivala wa m'tauni. Sankapita ku Dar es Salaam ngati anzake ena amene ankabwerako patatha milungu atavala nsapato zosongoka ndi magalasi akuda. Ntchito yake inali yozungulira mu Lusaka momwemo, kunyamula ufa kuchigayo chachikulu, sopo ndi mchere m'masitolo a ku Kamwala, n'kukatsitsa ku Chelstone, ku Woodlands, ku Libala. Martina ankaona kuti imeneyo ndiyo ntchito ya mwamuna woti n'kukwatiwa naye, wogona pakhomo tsiku ndi tsiku. M'maganizo mwake anali atamanga kale kanyumba ku Libala, kokhala ndi nsalu yobiriwira pazenera ndi malo oimikapo lole pambali.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamusowetsa mtendere. Chidziwireni Amos, anali asanamuonepo atazimitsa injini. Ankaima pansi pa mtengowo, n'kutsika, n'kutsamira chitseko, loleyo ikungolira kumbuyo kwake. Mawu onse achikondi amene Martina anamva kwa iye anawamva mofuula, akupikisana ndi phokoso la dizilo. Tsiku limene Amos anati, "Nifuna kukukwatila," Martina anayankha kuti, "Mwati chani?" ndipo mnyamatayo anachita kubwereza.

Martina ankaganiza zambiri. Mwina ku Chelstone kuli mkazi ndi ana, ndiye munthuyu amakhala wokonzeka kuthawa. Mwina apolisi akumufuna. Masiku ena akamasita zovala ankadziuza kuti pansi pa tenti ya loleyo pamabisala asilikali omenyera ufulu wa mayiko a kumwera, ndipo Amos analumbira kuti sadzaulula kwa munthu, ngakhale kwa iye. Nkhani imeneyi ndiyo ankaikonda koposa. Inkamuchititsanso kuzengereza kufunsa, poopa kuti yankho lake likhala laling'ono.

Anafunsa tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

"Ba Amos, ni ndani amene muthawa?"

"Apongozi," anatero Amos. "Sananione, koma nimvela ati ni okali."

"Nikamba zoona ine. Chifukwa chani simuzimitsa motoka?"

"Ni nkhalamba iyi, ikagona siuka. Batili inafa kale. Ku yadi ya kampani tiigoneka pa kamtunda kuti mmawa itsike yokha."

"Nanga batili ikanakhala yatsopano, mukanazimitsa?"

Amos anayang'ana kumsewu, uku ndi uku, kenako anatsegula chitseko. "Kwela uone."

Martina anakwera akuyembekeza mfuti, kapena chithunzi cha mkazi. Amos anamuloza pansi pa chiwongolero, pafupi ndi pamene pamakhala bondo la dalaivala. Panali kachitsulo konga wotchi koma kopanda mivi, kokhala ndi manambala oyera osuntha mwaulesi, komangidwa ndi waya wotsekedwa ndi mtovu kuti munthu asakatsegule.

"Uyu ndiye kapitao wanga," anatero Amos. "Ba Kabamba, eni kampani, salipila ola la munthu. Alipila ola la injini. Injini ikalila, manambala ayenda, nili pa nchito. Ikazima, ine kulibe, olo nili pa mzele ku chigayo kuchokela mmawa mpaka dzuwa pamutu."

Anamufotokozera mmene zinayambira. Mitengo ya zinthu itayamba kukwera mwezi ndi mwezi, madalaivala anatuma akuluakulu awo kunyumba ya ba Kabamba ku Kabulonga kukapempha kuti malipiro a pa ola akwere. Kunyanyala ntchito sakanayerekeza, chifukwa masiku amenewo kunkaoneka ngati kutukwana chipani cholamula. Ba Kabamba anawalandira pakhonde, anawapatsa madzi ozizira, n'kuvomera kuwonjezera pang'ono. Sabata yotsatira makaniko anabwera ndi timawotchi timeneti. Kuyambira pamenepo palibe dalaivala wa kampaniyo amene ankazimitsa injini, kaya pamzere, kaya akudya chinangwa kumsika wa Soweto. Bwana ankalira za dizilo, iwo ankalira za ola, ndipo aliyense ankatsina mnzake pamene angathe.

"Ola limodzi ligula chani?" anafunsa Martina.

"Pamene ninayamba linali kugula buledi na shuga wa tiyi. Manje ligula buledi chabe, koma wa dzulo."

"Ndiye na manje apa tili, mulandila?"

"Pang'ono." Amos anaseka. "Uona, iwe uli na mwayi. Ukhala na ine, ndalama ibwela."

Martina anaseka naye. Koma pobwerera kunyumba ndi ndowa yopanda madzi, china chake chinamulemera pachifuwa. Masana onse aja pansi pa jakaranda, amene iye ankawasunga mumtima ngati mphatso, anali atalipiridwa ndi munthu wa ku Kabulonga amene sankadziwa n'komwe dzina lake. Anayesa kuiwala. Anadziuza kuti ndalamazo n'zimene zidzagule nsalu yobiriwira ija.

A kwa Nkandu anali ochokera ku Luapula, ndipo mwambo wawo unali woti mnyamata sabwera yekha kudzapempha mkazi. Amatuma munthu wamkulu, shibukombe, wonyamula mbale ziwiri zovundikirana zokhala ndi kandalama m'kati. Makolo akazilandira, nkhani ya ukwati yatseguka. Mnyamata mwiniwake tsiku limenelo salowa m'nyumba. Amos anapempha ba Chibesa, dalaivala wachikulire wa kampani yomweyo, munthu wa mwendo wotupa ndi pakamwa posatopa. Anagwirizana za Loweruka masana. Koma m'mawa wa Lowerukalo Amos anapatsidwa matumba a ufa oti akatsitse kusitolo ina ku Chelstone, ndipo munthu wofuna kukwatira sakana maola a Loweruka. Mabasi anali osadalirika, mwendo wa ba Chibesa sukanafika wapansi. Amos anaona kuti Kabwata si kutali. Anamanga tenti bwinobwino, ananyamula mkuluyo ndi mbale zake, n'kudzaima pa geti penipeni pa ba Nkandu. Ba Chibesa anatsika. Amos anatsala m'lole, injini ikulira.

Martina anabisala kuseri kwa nsalu yotchinga khomo la kukhitchini, pamene ankatha kuona theka la chipinda chochezera. Bambo ake anakhala pampando wawo wa pafupi ndi wailesi, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Anali munthu amene anasiya mphamvu zake mumgodi ku Copperbelt n'kubwerako ndi chifuwa chosatha, ndipo ulemu wawo ankausamala kuposa chilichonse m'nyumbamo. Ba Chibesa anagwada movutikira, anaomba m'manja, anaika mbale zija patebulo, n'kuyamba kuyamikira banja, mudzi wa kwawo, ngakhale mipando. Makapu a m'kabati ankagundana okha chifukwa cha injini ya panja. Utsi unkalowera pazenera. Ba Nkandu anatsokomola kwa nthawi, osakhudza mbalezo.

"Uyu mnyamata wanu," anatero pomaliza, "alandila zingati pa ola?"

"Alandila monga munthu, ba mudala."

"Munthu uti? Na wosesa mumsewu ni munthu."

"Alandila monga dalaivala wabwino."

"Ba Chibesa, ine ninagwila nchito ya maola. Ku mugodi ola langa linali kubweletsa nyama pa nyumba. Sinikamba kuti akhale wolemela. Nikamba kuti mwamuna akagwila ola, agule buledi na chopakapo. Akagwila tsiku, ana adye ndiwo, lendi isamuthamangitse. Zosafika apo si malipilo, ni kumusunga chabe kuti asafe, abwelenso mawa."

"Ola limene mukamba linamwalila, ba mudala," anatero ba Chibesa. "Tinaliika m'manda tonse, na imwe munalipo. La masiku ano ni lowonda. Koma mnyamata uyu ni wochenjela, salitaya olo limodzi. Mumvela motoka panja apo?"

"Niimvela. Na makapu anga aimvela."

Ba Chibesa anaseka, n'kusendera pafupi ngati wopereka nkhani yokoma. Anafotokoza za kawotchi ka pansi pa chiwongolero, za waya ndi mtovu, za mmene madalaivala anamuchenjerera bwana. Martina kuseri kwa nsalu anapukusa mutu, akulakalaka mkuluyo atamuona n'kusiya, koma ba Chibesa anali atatenthedwa kale ndi nkhani yawo.

"Ndiye muone," anamaliza monyadira, "olo manje apa tikamba, mnyamata alandila. Mwana wanu sazagona na njala."

M'chipindamo munangotsala phokoso la makapu. Ba Nkandu anayang'ana mbale zija.

"Ndiye kuti abwela kupempha mwana wanga pa maola ya bwana wake."

"Awe, ba mudala, sindiye mwamene..."

"Ba Kabamba ndiye alipila ulendo uno. Kapena mbale izi nizitumize ku Kabulonga, niwayankhe iwo?" Anatsokomolanso. "Sinizifunsanso za ndalama, naona kuti palibe cha kumva. Koma anionetse ola limodzi lake-lake. Azimitse motoka, akhale panja apo monga mkamwini, ise tikambe monga anthu. Akachita, nizatsegula mbale." Anatembenukira kunsalu ija osakweza mawu. "Martina, nidziwa uli apo. Pita ukamuuze."

Martina anatuluka. Amos anali atatsamira chiwongolero, atavala malaya oyera amene iye anali asanawaonepo. Atamva uthengawo nkhope yake inasintha.

"Martina, kumbuyo kuli unga."

"Ni ola limodzi chabe."

"Sinikamba za ola. Motoka ikalila, anthu aganiza ipita. Ikazima pa nyumba ya munthu, udziwa chimene aganiza. Lini munauona unga mu sitolo kuno?"

"Tenti ni yomanga, palibe azaona."

"Na batili? Ikafunika kuchoka mwamsanga, nizachita bwanji? Kauze batata kuti nikatsitse ku Chelstone, nibwele na miyendo."

"Ba Chibesa agwada kale. Batata sakamba kawili." Martina anagwira chitseko cha lole, chitsulo chikumutentha m'manja, ndipo chimene chinamulemera chija chinatuluka chokha. "Ba Amos, chiyambile, munanipatsako chani chimene bwana sanalipile?"

Amos anamuyang'ana ngati wamenyedwa mbama. Anatambasula dzanja n'kupotokola kiyi.

Loleyo inagwedezeka kamodzi n'kukhala chete. Martina anamva zinthu zimene anali asanazimvepo ali pafupi ndi Amos: wailesi ya nyumba yoyandikana, mbalame pa waya wa magetsi, kupuma kwa mnyamatayo. Anaona kuti mawu ake, akamalankhula motsitsa, anali ofewa kuposa mmene ankaganizira.

"Wakondwela?" anafunsa Amos.

"Nakondwela," anatero Martina, ndipo zinali zoona. Anaima pomwepo, akumwetulira, akuganiza kuti m'kati bambo ake akuvundukula mbale, kuti tsiku lina adzauza ana ake za masana amenewa.

Woyamba kubwera anali mayi wina wobereka mwana. Anazungulira loleyo, anapaka chala pa thabwa la kumbuyo, anayang'ana fumbi loyera pachalapo, n'kuima pomwepo mwakachetechete. Kumbuyo kwake kunaima mkulu wina wa njinga. Kenako atsikana awiri. Zaka zimenezo munthu ukaona mzere sunkafunsa kuti n'ngwa chiyani. Unkayamba waima, n'kufunsa pambuyo, chifukwa sopo, mafuta ophikira ndi ufa zinkaoneka mwadzidzidzi n'kutha usanamange lamba wa nsapato. Zitseko zinayamba kutseguka msewu wonse. Anthu ankathamanga ndalama zili m'manja, ena akutuma ana kukaitana abale ku Libala.

Amos anatsika. "Ba mayo, sitigulitsa. Uyu katundu ni wa ku Chelstone."

"Nanga mwazimitsila chani?" anafunsa mayi wa mwana uja.

"Nabwela chabe pa nkhani ya banja."

"Na ise tili na mabanja."

Amos anakwera msanga n'kupotokola kiyi. Injini inangoti kete, n'kukhala chete. Anayesanso. Anatulutsa mutu pazenera, thukuta likutsika, n'kupempha amuna a pamzerewo kuti amukankheko pang'ono chabe, mpaka pokhota.

"Tikankhe unga uchoke?" anatero mkulu wa njinga, ndipo mzere wonse unaseka.

Kusekako kunatha atafika ba Mpundu, tcheyamani wa chipani wa dera limenelo, ali ndi anyamata awo a chipani. Ba Mpundu ndi ba Nkandu sankamwerana madzi kuyambira pamene ba Nkandu anakana kupita kukaima pamsewu kukaombera m'manja alendo a boma, ati chifukwa cha chifuwa. Tcheyamaniyo anakweza tenti ndi ndodo yake, anayang'ana matumba, kenako anayang'ana nyumba.

"Ba Nkandu," anaitana, "tulukani, komuledi. Anthu agona na njala, imwe mubweletsa lole yonse pa geti. Munali kufuna kutsitsa nthawi yanji, ise titagona?"

Ba Nkandu anatuluka atavalabe jekete, ba Chibesa akutsimphina kumbuyo kwawo. Anayesa kufotokoza za mwambo, za shibukombe, koma chifuwa chinawagwira pakati pa mawu, ndipo anthu amene ankawapatsa moni mwaulemu tsiku lililonse anayamba kung'ung'udza. Wina kumbuyo anati n'chifukwa chake mdalayo sawonda. Wina anati wobisa ufa ndi mdani wa dziko. Martina anafuula kuti ndi iye amene anauza Amos kuti azimitse, koma palibe anamumvera. Nkhani ya mtsikana inalibe ntchito pamaso pa matumba.

Ba Mpundu anagamula pomwepo. Ufa ugulitsidwe kwa anthu pa mtengo wa boma, thumba limodzi nyumba imodzi, ndalama zikasungidwe ku ofesi ya chipani mpaka nkhani itafufuzidwa. Anyamata awo anakwera pamwamba n'kuyamba kutsitsa. Awiri anagwira Amos m'mikono kupita naye kupolisi, malaya oyera aja atang'ambika paphewa. Podutsa pa Martina sanamuyang'ane.

Ba Nkandu analowa m'nyumba, n'kutulukanso ndi mbale zija, zikadali zovundikirana. Anazipereka kwa ba Chibesa anthu onse akuona.

"Ba mudala," anatero ba Chibesa, "mnyamata anachita chimene munakamba."

"Anachita. Koma ananibweletsela unga wa eni pa geti, osaniuza. Nakhala zaka zonse muno palibe ananiitanapo wakuba. Lelo naitanidwa, pamaso pa ana anga. Muuzeni asapondenso muno."

Amos anatuluka kupolisi pakati pa sabata, ba Kabamba atatuma munthu kukanena kuti ufawo unalidi wa sitolo ya ku Chelstone. Martina anamva kwa ba Chibesa, ndipo Lachisanu ananamizira kukagula ulusi ku Kamwala. Anadutsa pakati pa onyamula katundu ndi ogulitsa nsalu mpaka ku yadi ya kampani. Pa geti panali gulu la amuna, ena atakhala pansi, ena atagwira ziphaso zawo zoyendetsera m'manja. Amos anali pambali, atatsamira khoma, kachikwama kali pamapazi. Loleyo inatuluka iye ali pomwepo, munthu wina ali pa chiwongolero.

"Uja avomela ola la theka la buledi," anatero Amos, osapereka moni. "Ndipo aba onse amuchitila nsanje."

"Ba Kabamba anakamba chani?"

"Anakamba kuti malipilo yanga ya mwezi yalowa mu unga wao, na kuti nithokoze sananisiye mu selo. Ndalama za ku ofesi ya chipani akali kuzifunafuna."

"Nizapita ku Kabulonga, nikawauze kuti ni ine."

"Ukawauze kuti chani? Kuti dalaivala wao anali kupempha mkazi na dizilo wao?" Anaseka kuseka kouma. "Siwe, Martina. Kiyi inali m'manja mwanga."

"Batata azafewa. Apatseni nthawi."

"Anali kufuna ola langa-langa. Manje yonse ni yanga, kuchokela mmawa mpaka madzulo. Kawafunse ngati yakwana kugula buledi na chopakapo."

Martina anayang'ana kachikwama kaja. Amos anaona kuti wakaona. Anamuuza kuti dalaivala wina wa malole a mtunda wautali akufuna womuthandiza panjira ya ku Nakonde, kumalire a dziko, wosinthana naye chiwongolero akatopa. Anati za malipiro sanafunse n'komwe. Anali kunyamuka tsiku lomwelo.

"Muzabwela liti?"

"Sinidziwa."

Martina anadikira kuti Amos anene kuti amudikire. Anali atakonza kale yankho, lalitali, lokongola, limene analiyeserera njira yonse kuchokera ku Kabwata. Amos anawerama, ananyamula kachikwamako, anamugwira dzanja mmene munthu amagwirira dzanja la mlongo wa mnzake, n'kulowa m'chigulu cha anthu opita kumbali ya njanji. Martina anamutsatira ndi maso mpaka mitolo ya nsalu ya pamitu ya amayi inamubisa.

Anafika kunyumba wopanda ulusi. Bambo ake anali asanabwere kokatenga mankhwala. Mayi ake anali kukhitchini, atagwada pakona kuseri kwa chitseko, pamene panali chinthu chofunditsidwa chitenje chakale. Atamva mapazi anafulumira kubwezera chitenjecho, koma mochedwa. Linali thumba la ufa, lotsegulidwa kale pakamwa.

"Bamayo, thumba ili lachokela kuti?"

Mayi ake sanatembenuke.

"Bamayo."

"Ninatulukila kumbuyo, ninaima pa mzele monga aliyense," anatero motsitsa. "Nyumba imodzi thumba limodzi, na ise ni nyumba. Unali kufuna azing'ono ako aone anzao adya?"

"Batata adziwa?"

"Adya chiyambile tsiku la Sondo. Sanafunse." Anadzuka, anapukuta maondo, n'kumupatsa sefa ndi beseni. "Sefa, azafika manje manje. Ndipo upukute kumaso, angaganize kuti unapita kukamuona."

Martina anakhala pa kampando, anaika beseni pamiyendo, n'kutunga ufawo ndi kapu. Unali woyera bwino, wosalala, wopanda ndi kachitsotso komwe. Anausefabe.